Chithunzi cha Pasipoti cha Nantchengwa

Masana ndimajambula anthu osaseka.
Ku Kamwala, kuseri kwa sitolo ya zitenje,
ndili ndi mpando umodzi, nsalu yoyera, ndi jekete yobwereketsa.
Kwezani chibwano. Makutu aoneke. Musaphethire.
Nkhope zinayi pa kapepala kamodzi,
za chiphaso, za pasipoti, za ntchito imene sinapezeke.

Koma Lamlungu, mabasi asanayambe kuitana,
ndimatsikira ku Misisi, ku dziwe la Ngwenya,
dzenje limene anakumba ofuna miyala
mvula n'kulilanda.
Mzinda uno ulibe nyanja.
Gombe lathu ndi ili: phulusa, mabotolo osweka,
nsapato ya mwana ya kumanzere,
ndi bango lomera mwamakani.

Kakowa ndiye amayamba kufika,
woyera mbee, ngati sanauzidwe kuti pano ndi pati.
Amaponda mosamala, mwendo uwu, kenako uwo,
ngati mlendo m'nyumba yokolopa kumene.
Mphipi ziwiri pa tayala lomira theka
zayanika mapiko, zovala zawo zokhazo.
Pano palibe womuuza kuti akweze chibwano.

Tsiku loyamba amayi oswa miyala anandipitikitsa.
"Inu ojambula umphawi wathu n'kukaugulitsa kunja, chokani."
Ndinatembenuza kamera, ndinawaonetsa kagalasi.
Mayi Dailesi anapukuta fumbi m'zikope,
anayang'ana nthawi yaitali.
"Mwalawirira zimenezi? Mbalame?
Ndiye mwakhala malo olakwika.
Mwini dziwe amakhala uko, mumtengo wouma uwo."

Nantchengwa.
Kwathu ku Katete tinkalambalala tikamuona.
Chisa chake chikuposa matumba atatu a makala,
ndipo wamanga monga timangira tonse mu Lusaka,
ndi chilichonse chimene wapeza:
timitengo, waya, sokosi,
thumba la ufa long'ambika
dzina la chigayo likuwerengekabe.
Palibe anamupatsa puloti.

Miyezi isanu ndinamusaka.
Ndili ndi msana wake.
Ndili ndi mchira ukutuluka m'chithunzi.
Ndili ndi madzi okhaokha, ndi mizere yozungulira pomwe anaima.
Mayi Dailesi alibe kamera, koma amadziwa
kuti amatsika nyundo zikayamba kulira,
poti achule amadzidzimuka n'kudumpha.
"Timamugwirira ntchito," amatero, "koma salipira."

Mwezi watha anatera pafupi, mikono itatu yokha,
pa chitseko cha firiji yotayidwa.
Dzuwa linali kumsana kwanga, pabwino pake.
Chule kukamwa, miyendo ili lende.
Anatembenuka, anandiyang'ana ndi diso limodzi,
osaseka, osaphethira,
mutu uli njo, monga ndimachonderera anthu sabata yonse.
Chala changa chinali pa batani.
Pomwepo Yotamu, kamnyamata ka Mayi Dailesi,
anandigwira chigongono, akunong'ona,
"Ankolo, ndioneko."

Ndinamukoleka lamba m'khosi.
Anadina ndi dzanja lonse, kamera ikunjenjemera,
nyundo zonse zitangoti zii.

Chithunzicho n'chopendekeka.
Theka ndi thambo. Pakona pali chala chake.
Miyendo ya mbalame inadulidwa,
kumbuyo nyumba zosanja za m'tauni zasungunuka mu utsi.
Koma diso lija lilimo.

Ndinatsuka zinayi pa kapepala kamodzi,
poti makina anga sadziwa saizi ina.
Chimodzi cha Yotamu, china cha amayi ake.
Chachitatu ndinamata pamwamba pa nsalu yoyera,
ndipo okhala pampando amafunsa kuti ameneyo akupita kuti.
Ndimati, "Ndi wa ku Misisi, alibe ulendo.
Yang'anani kuno."

Chachinayi ndinakachisiya pa firiji paja,
nditachitsindika ndi kamwala.
Lamlungu linalo sichinalipo.
Yotamu akulumbira kuti anachiona m'chisa,
pakati pa sokosi ndi waya.
Ine sindinakwere kukaona.